Bodza la Manja Awiri, Kolala ndi Zipi

Lolemba, m'mawa

Iwe amene watsegula kope lino, tseka. Kutsogoloku kuli miyezo ya makasitomala, kumbuyo kuno ndi kwanga ndekha. Koma poti uli ndi maso aatali, yankha kaye: pa Mpondasi pano unamvapo kuti ine ndanama? Mayi akabwera ndi nsalu ya mamita awiri thupi lake lili la mamita anayi, ndimamuuza pomwepo. Mkwatibwi akafuna diresi lomufinya, ndimamuuza kuti aoneka ngati thumba la usipa lomangidwa pakati. Amakwiya, amapita kwa atelala a pa Boma, amabweranso. Kusoka sanandiphunzitse munthu. Ndinaphwasula yunifolomu yanga ya sitandade sikisi n'kuisokanso, sukulu yanga yonse ndi imeneyo.

Ndiye lero ine yemweyo ndikuyamba kusoka bodza. Likhala ndi manja awiri, kolala ndi zipi.

Nkhani yake ndi iyi. Mlongo wanga wamng'ono Yusufu ali m'chipinda chosungira nsalu kuyambira Lachisanu. Zaka zinayi ku Joni. Anamugwira alibe mapepala, anamusunga miyezi itatu, anamukweza basi. Wafika ndi jumbo imodzi. M'jumbomo muli:

malaya awiri,
chaja ya foni, foni yake kulibe,
supuni. Sindinafunse.

Mkazi wake Asiyatu ali kwawo ku Nkope, ndi kamwana Amina kamene bambo ake sanakanyamulepo. Ndamuuza pa foni yanga kuti mwamuna wake atsika basi Loweruka likudzali. Koma mwiniwake akuti sapita. "Achemwali, ndikalowa bwanji kwa apongozi chonchi? Wochokera ku Joni amaoneka ndi jekete."

Ndamukalipira, koma akunena zoona. Katundu ungathe kunena kuti akubwera m'mbuyo pa thiraki, anthu amadikira mpaka kuiwala. Koma jekete lachikopa lakuda liyenera kukhala pathupi potsika, ngakhale kutenthe bwanji. A ku kaunjika ndi apulasitiki, osupuka ngati njoka, ndipo wogulitsa wake ndi msuweni wa Asiyatu.

Ndamuuza kuti: ndikusokera. Wandiyang'ana. Ndamuuza kuti asandiyang'ane.

Lolemba, masana

Ndapita kwa Che Bwanali, mdala amene amakonza ng'oma za beni kuseri kwa msika. Idi yozinga mbuzi yangodutsa kumene, zikopa zili mulu mpaka kudenga.

Akundifunsa: "Mukufuna zofufuta kapena zowamba?"

Kusiyana kwake sindikukudziwa. Koma ine kufunsa? Ndine mwana wa kunyanja. Chowamba sichiwola. Chambo chowamba chimakafika ku Lilongwe chili bwinobwino. Ndayankha kuti zowamba.

"Za gule wanji, mama?"

Ndati, Che Bwanali, ine ndikamakusokerani kanzu ndimakufunsani kuti mukupita nayo kuti? Angoseka, andipatsa zisanu, n'kunena kuti zikopa zawo zimalira bwino. Ukalamba ndi choncho, munthu amayankhula zosagwirizana.

Ndazikulunga m'chitenje, ndabwera nazo pa kabaza. Wakabaza akuti kumbuyo kwake kukumveka ngati wanyamula malata.

Lachiwiri

Wakabaza uja sananame. Ndi malata.

Ndamuyeza Yusufu. Ndatsegula tsamba lakale, la tsiku limene ndinamusokera kanzu ya ukwati, kuti ndisavutike. Miyezo sikugwirizana. Chifuwa chatsika ndi mainchesi anayi. Khosi latsika. Mikono yokha ndi imene yakhala momwemo. Sindinamuuze. Ndamuwonjezera mbatata pa tiyi.

Ntchito ya lero:

kumeta ubweya ndi lezala, mbuzi zisanu, ine amene sindinametepo ngakhale mwamuna wanga ali moyo;
kujambula patani pa pepala la simenti;
kudula.

Kudula kwake! Sizasi yanga yabwino, yosaigwira munthu wina m'nyumba muno, ikungoterereka ngati ikudula mbale. Ndatenga mpeni wa nsomba. Chala chamanzere ndachimanga kansanza.

Masana ndaika chidutswa choyamba pa makina. Singano yoyamba yathyoka ndisanaponde kawiri. Yachiwiri yathyoka. Yachitatu, ya majinzi, yalowa koma yakana kutuluka. Yachinayi yauluka, yakagwera mu tiyi wa Yusufu. Makina akulira ngati mbuzi yomweyo yadzuka.

Ndawalankhula makinawo mawu amene sindilemba muno. Yusufu ali kuseri kwa chitseko akuti, "Achemwali, mwina tingosiya." Ndamuuza kuti munthu wobisala salankhula.

Abiti Juma, neba wanga amene mpanda wathu ndi umodzi, asuzumira pamwamba pa udzu. "Kodi lero mukusoka kapena mukukhoma?" Ndati ndikukonza makina. Si bodza lenileni. Kumapeto kwake ndawakonzadi.

Kasitomala wa yunifolomu ziwiri ndamubweza, ndati abwere sabata yamawa. Sanamvetse chifukwa chimene ndatsekera zenera la pakhonde masana onse, ine amene ndimasoka ndikuona msewu.

Madzulo nzeru yabwera ndikuviika usipa wouma wa ndiwo. Usipa ukauma umakhala ngati misomali. Ukauviika umafewa. Mbuzi ndi ndani kuti ikane?

Zikopa zonse zisanu zili m'beseni losambira.

Lachitatu

Zafewa! Zili ngati chitenje chochapa kakhumi. Sizasi ikudutsa yokha. Singano ikulowa ngati mu mpunga wophika.

Ndikufuna anthu amene amati telala wosapita kusukulu ndi wongophatika zigamba abwere aone. Koma sangabwere, chifukwa zenera ndi lotseka.

Msana watheka. Kutsogolo mbali ziwiri kwatheka. Msoko uliwonse ndikuubwereza kawiri, ndi ulusi wa ukonde umene ndinapempha kwa msodzi wina kalekale. Ulusi umenewu umagwira kampango. Ndikufuna jekete loti mdzukulu wa Yusufu adzalipeze.

Vuto ndi limodzi. Fungo.

M'mawa linali la patali, ngati kwinakwake azinga. Pofika masana lakhala pansi m'nyumba muno ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Yusufu akugona chipinda chimodzi ndi nsalu za anthu, ndiye ndazisamutsira kuchipinda kwanga. Iye akuti ku Joni anagonapo malo oipa kuposa apa. Sanapitirize. Inenso sindinafunse.

Ntchentche zobiriwira zafika. Sindikudziwa amene waziuza.

Abiti Juma pampanda: "Anzathu, chikununkhacho n'chiyani?"

Pakamwa panga patuluka mawu ndisanaganize. "Kambuzi."

Tamvera, iwe wowerenga za eni. Iwo amva kambuzi ka ku Malombe, tinsomba tija. Ine ndimanena kambuzi ka miyendo inayi. Kodi ndanama? Sindinaname. Koma ndalowa m'nyumba nkhope ikutentha, ndipo ndasoka thumba lamkati mozondoka.

Ndaphwasula, ndasokanso. Munthu wonena zoona theka amasokanso theka.

Lachinayi

Mikono yalowa. Kolala yaima ngati ya wapolisi. Zipi ndachotsa pa chikwama chakale cha malemu bambo a kuno, yachitsulo, yolimba. Nsalu yamkati ndi yotsala pa diresi la mkwatibwi wina, yobiriwira yonyezimira. Yusufu akuti ya ku Joni imakhala yakuda. Ndamufunsa ngati apongozi ake amakonda kusuzumira m'khwapa mwa alendo.

Kachizindikiro ka Chingerezi ka pakhosi ndakatomola pa kabudula wa kaunjika. Chimene kakunena sindikudziwa, koma kali ndi chithunzi cha mkango.

Mtundu: polishi wa nsapato wakuda, zitini zitatu. Chikopa chonyowa sichikumwa polishi bwino, akungokhala pamwamba. Ndapaka kawiri. Manja anga ali ngati a wogulitsa makala.

Cha m'ma teni, hodi pakhomo. Abiti Juma, mbale m'manja. "Tagawireniko kambuzi kaja, ana akukana masamba."

Ndaima pachitseko ngati msilikali. Kumbuyo kwanga kuli jekete, beseni, ntchentche, ndi mwamuna wazaka makumi atatu atagwira mpweya kuseri kwa katani. Ndati kali padzuwa kwina, ndibweretsa.

Ndavala nsalu, ndapita kumsika, ndagula kambuzi kenikeni, ndakapereka. Athokoza kwambiri. "Sikomo, sikomo. Koma akatu sikakununkha ngati kadzulo kaja."

Bodza lili ngati nsalu yoterera. Ukakoka apa, uko kwakhwinyata.

Masana Asiyatu waimba foni. Yusufu wathawira kuseri kwa chitseko ngati mawu ali ndi maso. Mlamu wangayu salankhula zambiri. Wafunsa za Loweruka, ndati inde, basi ikafika ndimuperekeza ndekha. Kenako akuti, "Muli bwino nonse kumeneko, alamu?"

Nonse.

Ine ndimakhala ndekha, iye akudziwa. Mwina ndi ulemu chabe. Anthu a ku Nkope amalemekeza ngakhale mphaka.

Amphaka, poti ndawatchula, alipo atatu padenga. Sakuchoka.

Lachisanu

Jekete latha.

Kuyanika panja sikungatheke, Abiti Juma ali ndi khosi lalitali. Ndalipachika m'chipinda, zenera lotseka. Likadali lonyowa, lolemera ngati mwana wa chaka. Kunsonga ya mkono umodzi kwayamba kuuma, ndipo kwalimba, kwapindika pang'ono. Sindinakonde. Ndawazapo madzi, kwafewanso. Ndalikulunga lonse m'thawulo lonyowa kuti lifike mawa lili bwino.

Munthu wanzeru akanaima pamenepa n'kudzifunsa. Ine ndapita kukagula lubani.

Ndafukiza nyumba yonse, ndafukiza jekete, ndathiranso mafuta onunkhira a m'kabotolo aja a kumzikiti. Tsopano likununkha ngati mbuzi yopita ku ukwati.

Masana azana yoitanira anthu kumzikiti yamveka. Amuna onse a mzere uno akudutsa pamsewu ndi makanzu oyera, ambiri osoka ine. Yusufu waima pakatani akuwaona pakampata. Wazindikira anzake awiri a ku madarasa. Watawaza mwakachetechete, kusamba kwa mapemphero kuja, wayala nsalu pakati pa makina ndi beseni, waswali yekha. Lachisanu, mwamuna wamoyo, mzikiti uli pamtunda woti mwala ungafike. Ndatuluka kukasesa pabwalo posesa kale.

Madzulo wayesa kuvala.

Ndinene zoona, poti muno ndi mokhamo mwatsala monenera zoona: lamukhala. Mapewa abwerera. Chifuwa chija chabwerera. Waima pagalasi langa la makasitomala, watembenuka uku, watembenuka uku, walowetsa manja m'matumba. Kenako wayamba kuyenda mwina, mopendekeka, n'kunena kuti "eish" kawiri. Ndamuuza kuti akanenanso ndimuvula.

Waseka. Chifikire Lachisanu lija sanasekepo.

"Achemwali, inu ndinu owopsa."

Maso anga alengeza misozi. Ndi utsi wa lubani.

Dongosolo la mawa:

iye atulukira kuseri m'mamawa, akwere kabaza, akaime padepoti;
ine ndifike pambuyo, ndidabwe pomuona;
tikwere matola wa ku Nkope;
katundu akubwera pa thiraki.

Kudabwa ndayeserera pagalasi katatu. Sikukundikhala.

Loweruka, madzulo

Ndabwera. Ndikulemba msanga ndisanayambe kudzikhululukira.

Padepoti zonse zikuyenda. Ndadabwa mokwanira. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa akuti, "Awa ndiye abwera nazo." Yusufu wakula mainchesi awiri.

Matola ndi pikapu. Kutsogolo kwadzaza, takwera kumbuyo, pamwamba pa matumba a mchere. Dzuwa likuwala, mwera ukuwomba. Dzuwa ndi mphepo, zinthu ziwiri zimene jekete limeneli silinakumane nazo chibadwire.

Tisanathe theka la ulendo akundinong'oneza: "Achemwali, likundigwira m'khwapa." Ndati ndi lachilendo, lizolowera.

Patsogolo pang'ono: "Achemwali, kolala." Ndayang'ana. Kolala ija yadzuka, yamugwira m'chibwano, mutu wake ukungoyang'ana kutsogolo ngati wa pachithunzi cha chiphaso. Ndafuna madzi oti ndiwaze. Botolo ndaliiwala pa makina.

Potsika pa Nkope mikono yake sikutsika. Ikulendewera patali ndi thupi ngati wanyamula zidebe ziwiri zosaoneka. Ndati yenda choncho, anthu aziti ndi mayendedwe a kumeneko.

Pakhomo pa apongozi pali anthu ambiri kuposa mmene ndimaganizira. Nthungululu. Mikeka yayalidwa. Asiyatu waima pakhonde, kamwana kakumugwira chitenje. Sakuthamanga, sakulira. Akungoyang'ana mwamuna wake, kenako ine.

Apongozi aamuna amawamba nsomba, ndiyo ntchito yawo. Uvuni uli pambali pa nyumba, utaka uli pa waya, moto ukuyaka. Ndi anthu aulemu. Akuti mwera wavuta lero, mlendo asazizidwe, n'kuika mpando wake pafupi penipeni ndi uvuniwo.

Ndatsegula pakamwa. Ndinene kuti chiyani? Kuti jekete la ku Joni limaopa moto?

Wakhala. Kunena bwino, wapindika pakati n'kutsamira mpando. Moni akupereka ndi nsonga za zala. Abweretsa madzi osamba m'manja, manja sakukumana. Jekete likulira pang'onopang'ono, tse, tse, ngati denga la malata masana. Polishi wayamba kutsetsereka. Lubani watha mphamvu, mbuzi yabwerera.

Asiyatu wakankha kamwana. "Pita kwa ababa." Amina wafika, wakweza timanja kuti amunyamule. Yusufu akuyesa. Ndikumuona akuyesa, mitsempha ya pakhosi yatuluka. Mikono sikupindika. Zaka zitatu akudikira kunyamula mwana ameneyu, ndipo chamuletsa si boma la eni, si basi, ndi ine.

Kamwanako katopa kudikira, kazungulira kumbuyo kwa mpando, kamenya msana wa bambo ake ndi chikhatho.

Du.

Bwalo lonse latembenuka. Kamenyanso. Du, du. Mawu abwino, ozama, omveka mpaka kugombe. Ana ena awiri ayamba kugwedeza mapewa.

Amalume ake a Asiyatu, mdala wa ndevu zofiira amene amaimba ng'oma ya beni kumeneko, adzuka pamkeka. Afika, agogoda ndi chala paphewa, agogoda pamsana, atchera khutu. "Chikopa ichi n'cha Che Bwanali wa pa Boma. Dzanja lake ndimalidziwa." Kenako akufotokozera bwalo lonse, mofatsa, ngati ali pa madarasa: chovala amachita kufufuta kuti chifewe mpaka kalekale. Cha ng'oma ukachinyowetsa chimafewa, chikauma chimakungika, ukachiwamba pamoto ndiye chimalira. "Ndiye iyi yawambidwa bwino."

Zowamba. Ine mwana wa kunyanja.

Wina waseka, koma kuseka sikunapite patali, chifukwa Yusufu sakupuma bwino. Milomo yatuwa. Zipi ya malemu yakana kutsika, chikopa chaikoka mbali zonse. Amuna anayi, asodzi okoka makoka, agwira awiri mkono uwu awiri mkono uwo, akukoka kuti msoko wa paphewa umasuke. Akoka mpaka mpando wagwa. Msoko uli phee.

Ndawakankha. Telala sayenda opanda sizasi. Ndailowetsa pansi pa kolala, ndadula msana wonse kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno. Chatseguka ndi phokoso ngati nsungwi yothyoka. Masiku asanu a ntchito yanga, mbali iyi uko, mbali iyo uko.

Watuluka ali wakuda polishi m'khosi ndi m'mikono, malaya anyowa, ulusi wobiriwira wamumatirira pamsana. Wakhala pansi, pamchenga. Wapuma.

Ndiye wanena yekha, maso ali pansi. "Ababa, amama, ine ku Joni ndabwerako chimanjamanja. Thiraki kulibe. Anandigwira."

Wayankha ndi Asiyatu. Mawu ake osakwera n'komwe. "Tikudziwa. Mwana wa amalumewa munakwera naye basi imodzi, inu simunamuone. Anafika kuno Lachisanu lomwe lija." Waloza kamwana. "Uyu tinamuuza kuti ababa afika. Masiku asanu ndi atatu wakhala akukadikira kumsewu."

Kenako watembenukira kwa ine. Ndikanakonda akanakalipa, kukalipa ndimakudziwa.

"Alamu, inu amene simubisa mawu, mwabisa mwamuna wathunthu."

Ine amene ndinayankhapo shehe, ndinayankhapo wa msonkho wa pamsika, ndinayankhapo namwino. Ndayang'ana sizasi yanga.

Amina wabwereranso, timanja m'mwamba. Ulendo uno wanyamulidwa. Diresi lake loyera lada polishi mbali yonse. Amayi ake a Asiyatu ayamba kugawa mpunga ngati palibe chachitika. Andipatsa mutu wa chambo, wa alendo olemekezeka. Sindinadyepo chinthu chovuta kumeza chotere.

Pobwera ndakwera kutsogolo. Dalaivala akufunsa ngati ndamva za munthu wa ku Joni amene analira ngati ng'oma. Nkhani yafika pamsewu ine ndisanafike.

Lamulungu

Zenera ndatsegula. Beseni ndatsuka katatu. Amphaka apita. Makina ndathira mafuta, ndawapepesa.

Yusufu watsala ku Nkope. Waimba pa foni ya mkazi wake, akuti m'mawa uno wathandiza apongozi kuyala utaka pa waya, ndipo Lachisanu akaswali ndi anthu. Mwana sakuchoka pamsana pake, akumamumenyabe, akudandaula kuti ababa asiya kulira. Supuni ija akuti ndi imene ankadyera miyezi itatu ija. Waipereka kwa Amina.

Abiti Juma abwera kudzabweza mbale. Akhala pakhonde osaitanidwa. Akuti iwo anadziwa Loweruka loyamba lija, Yusufu atangofika, chifukwa munthu wokhala yekha satsuka makapu awiri, ndipo ine sindikhosomola ngati mwamuna. Ndafunsa kuti nanga kambuzi munapemphiranji? "Ndimafuna ndione kuti mufika nazo pati." Kanali kokoma, akutero.

Che Bwanali atumiza mawu. Akuti ngati zidutswa za msana zilipo, zingakwane ting'oma tiwiri tating'ono. Akutinso zofufuta zinalipo, zinali pamulu wa kumanzere, ndikanangonena.

Ndikanangonena. Sabata yonse yagona m'mawu amenewo.

Zimene ndikuvomera:

ndinanama, ndi pakamwa ndi pamakina;
sindinafunse pamene ndinayenera kufunsa;
mwana anadikira kumsewu masiku asanu ndi atatu chifukwa cha nzeru zanga. Ichi sindichiseka. Diresi lake ndimusokera lina, ndikapereka ndekha, ndikapepesa kwa mayi ake ndi mawu osazungulira;
ana a mzere uno akundiitana kuti Abiti Ng'oma. Aitane. Dzina ndalisoka ndekha.

Zonsezi ndameza. Koma pali chimodzi.

Kasitomala wa yunifolomu uja wabwera kudzatenga nsalu zake zosasoka. Akuti wamva kumsika kuti jekete linaphulika lokha pamaso pa apongozi, misoko yonse inamasuka, mikono inagwa pansi, poti telala wake ndi wosaphunzira.

Ayi.

Nditcheni wabodza, ndavomera. Nditcheni wosamva, ndavomera. Koma misoko yanga isalowe m'nkhaniyi. Amuna anayi okoka makoka anakoka mpaka mpando unagwa, ulusi ngakhale umodzi sunaduke. Jekete lija silinaphulike. Ndinalidula ine, ndi sizasi yanga, chifukwa panalibe njira ina yotulutsira munthu mu ntchito yanga. Mikono yake ili pano pa tebulo, yolumikizika ku mapewa mpaka lero, aliyense abwere adzakoke.

Ndiye iwe amene ndinakuuza Lolemba kuti utseke kope lino, n'kusamva, wawerenga zonse. Manyazi anga wawadya ulele. Tsopano dzuka, upite kumsika, uyambire kwa ogulitsa kambuzi mpaka padepoti, ukakonze nkhaniyi. Ukanene zonse, usandibisire kanthu. Koma ukamalize ndi mawu awa: msoko sunamasuke.